Cheke chili m'manja, ndalama zili kutali: mavuto a pa kauntala ya banki ku Karonga

Kumapeto kwa mwezi, mzere wa ku banki pa boma la Karonga umayamba zitseko zisanatsegulidwe. Oyamba kufika kawirikawiri sakhala a m'tauni. Amakhala aja adzuka mbandakucha ku Kaporo, ku Lupembe, ku Nyungwe kapena ku Wiliro, akwera minibasi yoyamba, atsika pa depoti n'kudumphira pa kabaza kuti akapeze malo akutsogolo. Pamzerepo pali aphunzitsi, azaumoyo, apolisi, agogo a penshoni, amayi okaoda katundu ku Kyela ndi alimi a mpunga. Ambiri agwira khadi. Koma mukayang'anitsitsa muona ena owerengeka atafumbata envulopu ya khaki, kapena kope la mwana wa sukulu lomwe apanamo kapepala kuti kasapindike ndiponso kasanyowe ndi thukuta, pakuti dzuwa la ku Karonga silichedwa kuswa mtengo. Amenewo ndi a cheke. Mwa onse amene aima pamenepo, iwowa ndi amene sadziwa ngati abwerere kumudzi ndi ndalama, ndipo akazilandira, sadziwa kuti zikhala zingati.

Cheke ndi kalata yaifupi. Mwini akaunti amauza banki yake kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa uje. Ngati pachekepo pajambulidwa mizere iwiri, ndalamazo siziperekedwa pamanja. Chekecho chiyenera kuikidwa mu akaunti ya amene walembedwa dzina, ndipo ngati akauntiyo ili ku banki ina, mwiniwake adikira kuti mabanki awiriwo atsimikizirane kaye. Ngati mizere palibe, munthu angathe kupita ku banki ya amene adalemba chekecho n'kukalandira ndalama pa kauntala. Apa ndi pamene pamatulukira machaji, ndalama imene banki imadula kwa munthu wosintha cheke pa kauntala, makamaka amene alibe akaunti pa bankiyo. Mitengo yake imasiyana banki ndi banki, ndipo imasintha chaka ndi chaka. Chimene sichisintha n'chakuti ambiri amaidziwira pompo, cheke chitalowa kale pawindo.

Wina angafunse kuti masiku ano a foni ndani akulembabe cheke. Ku Lilongwe funsoli n'lomveka. Ku Karonga yankho lake lili m'midzi: makomiti a sukulu, mipingo, makopaletivi a alimi, mabungwe ang'onoang'ono a chitukuko ndi makontilakitala. Sikuti ndi otsalira. Cheke chili ndi chinthu chimodzi chimene gulu la anthu limachifunitsitsa, ndicho siginecha ziwiri kapena zitatu. Wapampando yekha sangatape ndalama za sukulu popanda msungichuma kusayina. Kachidutswa kotsala m'buku la macheke kamakhala umboni pa msonkhano wa makolo, pamene wina wadzuka n'kufunsa kuti ndalama za malata zidapita kuti. M'dziko limene ndalama za gulu zimasowa mosavuta, kapepala kofuna manja a anthu atatu n'kofunika, ndipo amene akukagwiritsa ntchito akuchita chimene boma ndi mabungwe akhala akuwaphunzitsa kwa zaka zambiri.

Tsono taganizani za mmisiri amene wamanga chimbudzi pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Iponga. Adagwirizana mtengo ndi komiti, ntchito wamaliza, komiti yamulembera cheke. Iye sadapemphe cheke. Akadafunsidwa, akadasankha ndalama pamanja. Akwera galimoto kupita pa boma, aima pamzere theka la tsiku, ndipo akafika pawindo amuuza kuti pa ndalama zakezo adulapo. Kubwerera kwa komiti kuti imuwonjezere sangathe, chifukwa m'mabuku a komiti mwalembedwa kale kuti walipidwa zonse. Kukana sangathenso, chifukwa ndalama yobwererera kumudzi ili m'cheke momwemo. Pamene komitiyo, yomwe ndiyo kasitomala weniweni wa banki, idalipira kale buku la macheke ndipo mwezi uliwonse imadulidwa ndalama yosungira akaunti. Ntchito imodzi yomweyo, banki yalandira mbali zonse ziwiri. Ine ndimaona kuti apa pali kulakwa. Pangano lili pakati pa banki ndi mwini akaunti. Ngati pali mtengo wosinthira cheke, upite kwa amene adasayina panganolo, amene ali ndi mwayi woona mitengo n'kusankha njira ina yolipirira. Mmisiri uja sadasayine kanthu ndi wina aliyense.

Mabanki ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda pake. Ndalama zamapepala sizimera pa Karonga. Zimayenera kunyamulidwa pa galimoto yolondedwa, ndipo nthambi yapafupi ya Reserve Bank of Malawi ili ku Mzuzu, mtunda wopitirira makilomita 200, kudutsa zitunda za Chiweta. Pali malipiro a ogwira ntchito, alonda, dizilo wa jenereta magetsi akazima, ndi chiopsezo cha macheke achinyengo. Komanso mabanki sabisa kuti akufuna anthu achoke pa kauntala apite pa foni ndi pa makina, ndipo kukweza mtengo wa pa kauntala ndi njira imodzi yowakankhira kumeneko. Zonsezi n'zoona. Koma kukankha munthu kumafuna kuti kumene ukumukankhirako kukhale poponda. Mmisiri wa ku Iponga, ngakhale atakhala ndi foni yapamwamba, sangasandutse cheke cha komiti kukhala ndalama za pa foni ali kwawo. Wolangidwa si amene angasinthe kalikonse.

Ndipo machajiwo ndi kachigawo chabe ka zimene munthu amataya. Boma la Karonga ndi lalitali, lowonda, lopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 365,000 m'bomali. Nthambi zikuluzikulu za mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH zaunjikana m'tauni. Kuchokera pa chipata cha Songwe kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 45, kuchokera ku Chilumba ndi pafupifupi 70. Amene amakhala kutali ndi msewu wa M1 amayamba ndi njinga yamoto asanaione minibasi. Nyengo ya mvula, North Rukuru, Lufilya ndi Songwe ikasefukira, pali midzi imene ulendo wa pa boma umakhala wosatheka kwa masiku. Munthu wotere akamva mawu akuti "mubwere mawa," kwa iye akutanthauza ndalama ina ya thiransipoti kupita ndi kubwera, kapena malo ogona ndi chakudya m'tauni, kuphatikizapo tsiku lina losagwira ntchito kumunda. Mphunzitsi akamva mawu omwewo, ndiye kuti kalasi ya ana oposa 80 ikhalanso tsiku lina yopanda mphunzitsi.

Zifukwa zobwezera cheke n'zambiri, ndipo pafupifupi zonse ndi zolakwa za wolemba, osati za wonyamula. Manambala asiyana ndi mawu. Siginecha yasiyana pang'ono ndi imene ili mu kompyuta, mwina chifukwa msungichuma wakalamba ndipo dzanja layamba kunjenjemera. Wina wafufuta chilembo osasayina pambali. Cheke chagona kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Dzina la pa cheke lalembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi maina a kuno a Mwa- ndi Mwaka- amene mlembi aliyense amalemba m'njira yakeyake. Chiphasocho chatha ntchito, ndipo chatsopano sichinatuluke. Kapena zonse zili bwino, koma banki ikufuna kuimbira foni amene adasayina kuti atsimikize, ndipo wapampando ali m'munda wa mpunga komwe netiweki sigwira.

Amene adaimapo pamzere wa banki amazidziwa zokambirana ngati izi. Mayi wachikulire, msungichuma wa amayi a mumpingo, wafika pawindo patatha maola atatu. Kalaliki ayang'ana chekecho, achitembenuza, n'kuchikankhira kunja.

"Amayi, ichi sichitheka. Mukawauze amene adalemba."

"Chalakwika pati, mwanangu?"

"Chalakwika basi. Akalembe china. Wotsatira!"

Mayiyo asuntha pang'ono, osachoka, akuyang'ana kapepalako ngati kayankhula. Ndi mphunzitsi wina wa pamzere amene amachitenga, n'kuona kuti pa manambala alemba ndalama ina, pa mawu alemba ina. "Amayi, taonani apa. Mlembi wanu adaiwala liwu limodzi. Akakonze, asayine onse awiri pambali." Kufotokoza kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Kalaliki akadanena yekha, mayiyo akadabwererabe opanda ndalama, koma akadadziwa chokanena kwa anzawo. Popanda mphunzitsi uja akadakafika kumudzi ndi mawu akuti "akana," ndipo pagulu la amayi amene adasonkha ndalama zawo movutikira, mawu amenewo amabala kukayikirana. Pali asungichuma okhulupirika amene adatula pansi udindo chifukwa cha zotere.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti vuto ngati limeneli likadatha kuoneka m'mawa pa khomo. Kukadakhala munthu mmodzi woyenda pamzere, kuyang'ana macheke ndi ziphaso anthu asanataye tsiku, theka la madandaulo likadatha. M'mabanki ambiri ntchito imeneyi yagwera mlonda. Ndi mlonda amene amauza agogo fomu yoti alembe, amene amadziwa ngati makina ali ndi ndalama, amene amalonjera munthu m'chinenero chake. Alonda ambiri amaigwira ntchitoyi ndi mtima wabwino, koma sadalembedwere zimenezo, sadaphunzitsidwe, ndipo malipiro awo ndi ochepa kuposa a wina aliyense m'nyumbamo.

Kukhwimitsa malamulo pa macheke kuli ndi mbiri yake, ndipo Amalawi sitingaiiwale. Mu 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate. Akuluakulu ena a ku Capital Hill ankalemba macheke a boma kupita ku makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, kenaka n'kufufuta umboni mu kompyuta. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho padasowa ndalama zoposa K13 biliyoni. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo la bajeti, ndipo zipatala ndi sukulu zidamva kuwawa kwake. Macheke amenewo sadasinthidwe kuthengo. Adadutsa m'mabanki, ndalama zikutuluka m'zikwama ndi m'mabuti a galimoto. Chichokereni apo malamulo odziwa kasitomala ndi otsimikiza cheke adakhwima, ndipo kutero kunali koyenera. Koma amene lero amayang'anidwa ndi diso lokayikira pa kauntala ndi mayi wa cheke cha mpingo ndi mmisiri wa chimbudzi cha sukulu. Akale adati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Pa nkhani iyi nkhuyu adadya ndi akulu, koma zikupota ana.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere makalaliki. Ambiri ndi achinyamata amene atumizidwa kutali ndi kwawo, akugwira ntchito pa mawindo awiri pamene mawindo ena atatu ali otseka. Ndalama ikasowa pa kauntala amalipira kuchokera m'malipiro awo. Akalandira cheke chabodza ntchito ingathe tsiku lomwelo. Sisitimu ikagwa, amene amatukwanidwa ndi iwo, pamene kompyuta yaikulu ili ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Munthu wogwira ntchito ali ndi mantha amapeza chitetezo m'kukana, chifukwa palibe amene adachotsedwapo ntchito kaamba kobweza cheke chabwinobwino. Amene amasankha kuti nthambi ikhale ndi antchito angati, kuti mawindo onse atsegulidwe pa tsiku la malipiro kapena ayi, kuti panja pakhale mthunzi ndi benchi, sakhala pa kauntala. Ali ku likulu, ndipo iwo saima pamzere.

Kugwa kwa kwacha kwawonjezera moto. Ndalama yaikulu ya pepala, K5,000, idatuluka mu Febuluwale 2022. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso pa banki. Katundu amene kale ankagulidwa ndi mpukutu umodzi lero akufuna mipukutu ingapo. Wamalonda mmodzi wopita ku Kyela, ku Mbeya kapena ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam amatha kugwira windo kwa nthawi yaitali makina akuwerenga ndalama zake. Makina a ATM amalowa mapepala ochuluka chimodzimodzi ngati kale, koma aliyense akutapa ambiri, motero amauma msanga. Akauma, onse a khadi amakhamukira m'kati, n'kukapanikizana ndi a cheke pa mawindo awiri omwe aja. Karonga ndi tauni ya m'malire, malonda ake ambiri ndi a ndalama pamanja, ndipo vuto limeneli limaoneka kwambiri kuno kusiyana ndi maboma ena.

Pali chotsatira china chimene sichilembedwa m'malipoti a mabanki, koma alimi amachidziwa bwino. Karonga ndi kwawo kwa mpunga wa Kilombero. Umalimidwa m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya komanso m'zigwa za Kaporo, ndipo mpunga wina wa alimi a bungwe la Kaporo Smallholder Farmers Association wakhala ukugulitsidwa mpaka ku Scotland. Nthawi yokolola, mavenda amafika m'midzi ndi ndowa zawo ndi ndalama m'thumba. Mtengo wawo ndi wotsika, ndowa zawo zina n'zofutukuka, mlimi akudziwa zonsezo. Koma venda amalipira pompo. Wogula wa mtengo wabwino, kopaletivi kapena kampani, nthawi zambiri amalipira kudzera ku banki. Mlimi amene adavutikapo ndi ulendo wa pa boma, kudulidwa ndalama ndi kubwezedwa pawindo, amawerengera zonsezo m'mutu mwake n'kupereka mpunga kwa venda. Akatswiri amabwera n'kunena kuti alimi sadziwa malonda. Amawadziwa bwino lomwe. Angoikapo mtengo wa tsiku la ku banki. Choncho kusalandira bwino anthu pa kauntala kumafika mpaka pa mtengo wa thumba la mpunga kumudzi.

Mwina zikadamveka boma la Karonga likadakhala lopanda ndalama, mabanki akungolichitira chifundo. Si choncho. Malonda a kunja adafika kuno kale kwambiri: kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, idatsegula sitolo pa Karonga mu 1884, zaka khumi isanatsegule banki yoyamba m'dziko muno ku Blantyre mu 1894. Lero mathankala a mafuta ndi malole a katundu ochokera ku Dar es Salaam amalowera pa Songwe, ndipo boma limatolera msonkho wambiri pamenepo. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera udatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin, udaima mu 2014, ndipo kampani ya Lotus Resources idautsegulanso mu 2025. Kuli malasha, kuli nsomba, kuli ng'ombe, kuli mpunga. Ndalama zimadutsa pa Karonga usana ndi usiku.

Mabanki nawo sakuvutika. National Bank of Malawi, yomwe idabadwa mu 1971 pamene nthambi za Barclays ndi Standard Bank zidaphatikizana, idapeza phindu loposa K100 biliyoni mu 2024, ndipo mabanki ena akuluakulu akhala akulengeza phindu lokwera chaka ndi chaka pa nthawi imene mabanja ambiri akulephera kugula thumba la chimanga. Kupeza phindu si mlandu, ndipo banki yolimba ndi yabwino kuposa yogwa. Koma tiyenera kudziwa kumene phindu lambiri likuchokera. Boma limakongola kwambiri m'mabanki a m'dziko muno, pa chiwongoladzanja chokwera. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Banki imene ingapeze mabiliyoni pongokongoza boma ilibe chifukwa chothamangira mayi wa ku Lupembe. Iye amaoneka ngati wodzaza malo, ndipo machaji amene amadulidwa ndi njira yomuuza kuti asamabwerebwere. Pamwamba pa izo, mu Novembala 2021 boma lidaika msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti pa zina mwa ntchito zimene mabanki amalipiritsa, ndipo mabanki adangoupatsira kwa kasitomala.

Achikulire amakumbukira buku la ku positi. Munthu ankaika ndi kutapa ndalama pa positi ofesi yapafupi, wogwira ntchito akumudziwa dzina ndi mudzi. Banki ya ku positi ija idasanduka Malawi Savings Bank mu 1994, ndipo boma lidaigulitsa kwa FDH mu 2015. Chaka chomwecho National Bank idagula Indebank. Opportunity Bank, yomwe idayamba mu 2003 ndi cholinga chofikira anthu osauka ndipo inkayendetsa magalimoto a banki m'misika ya kumidzi, idagulidwa ndi First Merchant Bank mu 2017. Aliyense ali ndi maganizo ake pa malonda amenewa, koma chooneka n'chakuti mabanki amene adakhazikitsidwa poganizira munthu wamba adamezedwa m'mabanki a malonda, ndipo munthu wambayo adatsala kudalira mtima wa manijala wa nthambi.

Zabwino zilipo, ndipo ndi bodza kunena kuti palibe chasintha. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Kuyambira 2015 makina a National Switch adalola kuti khadi la banki ina ligwire ntchito pa ATM ya banki ina. Pali Mo626, pali maejenti a Bank Pafupi ndi Banki Pakhomo, ndipo mphunzitsi wa ku Uliwa lero angathe kukankha malipiro ake kuchoka mu akaunti kupita pa foni osakwera galimoto. Ambiri apumulako. Koma njira imeneyi ili ndi machaji akenso, pokankha ndi potapa. Ejenti wa kumudzi amakuuzani kuti fuloti yatha mukangotchula ndalama yokulirapo. Magetsi akazima nthawi yaitali netiweki imapita nawo. Ndalama zikachoka mu akaunti koma osafika pa foni, banki imakutumizani ku kampani ya foni, kampani ya foni imakubwezerani ku banki, ndipo mapeto ake ndi ulendo womwe uja wa pa boma. Ndipo kwa makomiti, foni ili m'thumba la munthu mmodzi, nambala yachinsinsi ili m'mutu mwa munthu mmodzi. Chitetezo chija cha manja atatu chimasowa.

Cheke chikutha, ndipo palibe angachibweze. Namibia idasiya macheke mu Juni 2019, South Africa pa 31 Disembala 2020, ndipo kuno kwathu boma lenilenilo lidasamukira kolipira kudzera m'maakaunti. Njira tikuiona. Nkhawa yanga ndi yakuti kapepalako kadzachoka koma khalidwe lidzatsala. Amene lero akubwezedwa ndi cheke popanda kufotokozeredwa, mawa adzabwezedwa ndi khadi lomezedwa ndi makina, kapena akaunti yotsekedwa chifukwa sadabweretse chiphaso chatsopano, ndipo yankho lidzakhala lomwelo lakuti abwere mawa. Mabanki asanatseke buku la macheke, ayenera kupatsa makomiti a sukulu, mipingo ndi makopaletivi njira ya pa foni wamba, osati ya intaneti yokha, yoti anthu awiri kapena atatu avomereze ndalama isanatuluke. Apo ayi, tidzabwezera ndalama za gulu m'chikwama cha msungichuma, kapena kuzisiya m'banki m'khonde momwe mulibe chitetezo cha lamulo zinthu zikavuta.

Malamulo otiteteza alipo, kungoti ambiri sitiwadziwa. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, gavanala wa Reserve Bank ndiyenso woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala amene banki yalephera kuwathandiza. Lamulo loteteza ogula la 2003 limapatsa wogula ufulu wodziwa mtengo weniweni wa chimene akulipira. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva milandu ya malonda opondereza, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi, lotsogozedwa ndi a John Kapito, lakhala likudzudzula machaji a mabanki kwa zaka zambiri. Kulankhula kumathandiza. Mu 2019 boma lidafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni, anthu adakana mokweza, ndipo ganizolo lidachotsedwa. Vuto la ku Karonga n'lakuti madandaulo amathera pa minibasi yobwerera kumudzi. Timakwiya, timafotokozerana, timafika kunyumba, basi. Ku likulu la banki, nthambi imene sikuchokera kalata ya dandaulo imaoneka ngati nthambi yoyenda bwino.

Mabanki amanena kuti mitengo yawo amaisindikiza, ndipo n'zoona. Imapezeka m'nyuzipepala, pa intaneti ndi pa khoma la nthambi. Koma imalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, mizere yambirimbiri, m'boma limene anthu amalankhula Chingonde, Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili. Pepala lotere limakwaniritsa lamulo koma silidziwitsa munthu. Machaji amene munthu wamba amakumana nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa: kusintha cheke, kutapa pa kauntala, kutapa pa makina, kukankhira pa foni, kusunga akaunti pa mwezi. Amenewa akhoza kukwana pa bolodi limodzi la zilembo zikuluzikulu pa khomo, pamene munthu asanalowe pamzere. Karonga ili ndi wailesi zake, Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur, zimene zimamveka m'midzi m'zinenero za anthu. Banki imene imalipira malonda otsatsa ngongole pa wailesi ingathenso kulipira mphindi zisanu zofotokoza kalembedwe ka cheke ndi mtengo wosinthira. Khonsolo ya boma ndi mafumu, kuyambira a Kyungu mpaka a Kilupula, a Mwakaboko, a Wasambo ndi a Mwirang'ombe, ali ndi mphamvu yoitana mamanijala a nthambi n'kuwafunsa zimenezi pamaso pa anthu, monga amachitira ndi a chipatala ndi a zaulimi.

Pamene tikudikira zimenezo, inu amene mumalemba macheke m'makomiti, werengani kawiri musanapereke, yatsani foni tsiku limene munthu wapita ku banki, ndipo machaji osinthira muwaike pamwamba pa mtengo umene mudagwirizana, asachoke m'thukuta la wantchito. Inu amene mwalandira cheke, funsani kuti adula zingati musanachilowetse pawindo. Akachibweza, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake. Mukaona kuti simunathandizidwe, pemphani kuonana ndi manijala, lembani dandaulo lanu m'chinenero chimene mumatha, sungani kope lake lodindidwa, ndipo banki ikakhala chete, litumizeni ku Reserve Bank. Ndalamazo ndi zanu, ndipo kufunsa za izo si mwano.